Liwiro la Mumchenga N'kuyambira Limodzi

Chaka chilichonse, mwezi wa Febuluwale ukamapita kumapeto, ophunzira othamanga a m'mayunivesite a ku America amagwidwa ndi kamatenda kena. Amasiya kuganiza za anthu amene akupikisana nawo n'kuyamba kuganiza za wotchi. Amakwera ndege kuchokera kumadera onse a dzikolo kukasonkhana m'mabwalo ochepa amene anatchuka kuti ndi aliwiro, ndipo munthu akafika pamzere womaliza sayang'ana amene wamuposa kapena amene wamusiya m'mbuyo. Maso ake amathamangira pa bolodi la nthawi. Wina atha kumaliza wachisanu ndi chiwiri n'kudumpha ndi chimwemwe, pomwe wina wapambana mpikisano wake koma wakhala pansi akulira. Mipikisano imeneyi eni ake amaitcha ya mwayi wotsiriza. Ine ndikuona kuti ikudya pang'onopang'ono chinthu chomwe chimachititsa kuti kuthamanga kukhale masewera, komwe ndi kupikisana kwa munthu ndi munthu mnzake.

Mzere wa pa nambala 16

Tiyambe ndi mmene zimayendera, poti ambiri mwa ife kuthamangira m'nyumba n'kwachilendo. Madera ambiri a ku America kumagwa chipale chofewa m'nyengo yozizira, moti kuyambira Disembala mpaka Malichi othamanga amapikisanirana m'mabwalo ofolera. Njira yothamangamo ya m'nyumba kawirikawiri imakhala ya mamita 200, theka la ya panja yomwe ndi ya mamita 400. Wothamanga mamita 5000 amazungulira ka 25, pomwe wa mailo imodzi, yomwe ndi mamita 1,609, amazungulira ka 8 n'kuwonjezera pang'ono. Bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite, NCAA, limachititsa mpikisano wa dziko lonse chapakati pa Malichi. M'gawo lapamwamba, lomwe amati Division I, pa mtunda uliwonse amangolola anthu 16, ndipo pa mpikisano wopatsirana kamtengo amalola matimu 12 basi.

Nanga 16 amenewo amasankhidwa bwanji? Palibe ndime yochotsana. Pali mndandanda chabe. Nthawi iliyonse yomwe wophunzira wathamanga kuyambira kumayambiriro kwa Disembala imalowa pa tsamba la pa intaneti lotchedwa TFRRS. Khomo likatsekedwa, kumapeto kwa Febuluwale kapena masiku oyamba a Malichi, amawerenga kuchokera pamwamba mpaka pa nambala 16 n'kulemba mzere. Wa nambala 17 amangodikira kuti mwina wina mwa apamwambawo avulale kapena asankhe kukathamanga mtunda wina. Ukhoza kukhala katswiri wa ligi yako, ukhoza kukhala kuti sunagonjepo nyengo yonse, koma ngati nthawi yako ili kunsi kwa mzerewo, mpikisano waukulu ukauonera pa kanema.

Malamulo akakhala otere, anthu amapeza njira. M'masabata omaliza kalendala imadzaza ndi mipikisano yomwe ina cholinga chake chili m'dzina momwemo: Arkansas Qualifier ku Fayetteville, Last Chance ya ku Boston University, komanso Alex Wilson Invitational ya ku Notre Dame, komwe matimu opatsirana kamtengo amakasaka malo awo. Kumeneko makochi a masukulu olimbana amagwirizana ngati anthu a pa dima. Amapeza munthu woti atsogolere liwiro, amene amamutcha kalulu. Iye amathamanga theka la mtunda kapena kupitirirapo pa liwiro lomwe apangana, kenaka n'kupatuka. Enawo amandondozana pambuyo pake ngati mabogi a sitima. Palibe amene amatchinga mnzake, palibe amene amabisa mphamvu kuti akadzidzimutse anzake kumapeto, chifukwa mdani wa onse ali pakhoma.

Kuti tione chomwe chikutayika, tikumbukire za mu 2017. Pa 26 Febuluwale chaka chimenecho, Edward Cheserek, mnyamata wa ku Kenya amene ankaphunzira ku University of Oregon, anathamanga mailo imodzi pa mphindi 3 ndi masekondi 52.01 pa mpikisano wa Last Chance ku Boston. Inali rekodi yatsopano ya ophunzira a m'mayunivesite, yoposa ya mnzake wa ku Kenya komweko, Lawi Lalang. Cheserek sanali munthu wamba: anachoka ku Oregon atatenga ukatswiri wa NCAA ka 17. Patatha masabata awiri, ku College Station m'chigawo cha Texas, kunali mpikisano wa dziko lonse. Kalulu kunalibe. Othamanga anayamba mosathamangitsana, aliyense akuzonda mnzake, ndipo nthawi yoti liwiro libuke itakwana, Josh Kerr, mnyamata wa zaka 19 wa ku Scotland amene ankaphunzira ku University of New Mexico, anamusiya Cheserek m'mbuyo. Nthawi yomwe Kerr anapambanira inali yopitirira mphindi 4. Pa mndandanda wa chaka chimenecho, nthawi yotero sikanamupatsa n'komwe malo.

Kerr yemweyo mu 2023 anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi pa mamita 1500 ku Budapest, atagonjetsa Jakob Ingebrigtsen wa ku Norway, amene pa pepala nthawi zake zinali zabwino kuposa za Kerr. Nkhani imeneyi ikutionetsa kuti m'kuthamanga muli maluso awiri. Loyamba ndi lotha kusunga liwiro limodzi lalikulu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Lachiwiri ndi lodziwa anthu: kumva kupuma kwa amene ali pambali pako, kupeza mpata pakona pomwe pali zigongono, kudziwa pomwe ungaphulike osafulumira komanso osachedwa. Mpikisano wa dziko lonse umapereka mendulo kwa wa luso lachiwirili, koma pakhomo pake amangofunsa za loyambalo. Wina anena kuti Kerr nayenso analowera pa mndandanda womwewo. Ndi zoona. Koma a Kerr ena angati anathera pa nambala 17 kapena 20, amene sitinawadziwe chifukwa sanapatsidwe mpata woima pamzere umodzi ndi akatswiriwo?

Mchenga wake si umodzi

Makolo athu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Iwo ankadziwa kuti pomwe njira ndi yolemetsa miyendo, amene wayamba patsogolo sumupezanso, choncho kuyerekeza anthu awiri kumamveka pokhapokha atanyamukira pamodzi. Mndandanda wa NCAA umachita zosiyana ndi zimenezi. Umayerekeza anthu amene sanaonanepo, amene anathamanga masiku osiyana, m'mabwalo osiyana, wina ali ndi kalulu wabwino wina alibe, n'kunena kuti kusiyana kwa kachigawo ka sekondi ndiko chilungamo chonse.

Mabwalo a m'nyumba sali ofanana, ndipo aliyense wa m'masewerawa amadziwa. La ku Boston University, lomwe linatsegulidwa mu 2002, lili ndi makona opendekeka ndipo linamangidwa pa matabwa omwe othamanga amati amabweza mwendo. Taonani zomwe zachitikapo. Mu Malichi 2019 Yomif Kejelcha wa ku Ethiopia anathamangapo mailo pa 3:47.01, rekodi ya dziko lonse lapansi ya m'nyumba pa nthawiyo. Mu Disembala 2023 Parker Valby wa ku University of Florida anathamangapo mamita 5000 pa 14:56.11, kukhala wophunzira wamkazi woyamba kutsika pansi pa mphindi 15 m'nyumba. Mu Januwale 2024 Nico Young wa ku Northern Arizona anathamangapo mtunda womwewo pa 12:57.14. Mu Febuluwale 2025 Ethan Strand wa ku North Carolina anatsitsa rekodi ya ophunzira ya mailo kufika pa 3:48.32, ndipo mwezi womwewo Grant Fisher anaika rekodi ya dziko lonse lapansi ya m'nyumba ya mamita 5000 pa 12:44.09. Onsewa ndi akatswiri enieni, palibe wotsutsa. Koma sizinangochitika mwangozi kuti zonsezi zichitikire pansi pa denga limodzi.

Palinso mabwalo ena aakulu kuposa muyezo. La Dempsey ku University of Washington ndi la mamita 307, la ku Iowa State ndi la mamita 300, nalonso la ku Notre Dame limapitirira mamita 300. Makona akachepa, wothamanga sataya mphamvu zambiri pokhota. Nthawi za m'mabwalo otere sizivomerezedwa ngati marekodi a m'nyumba, koma pa mndandanda wolowera mpikisano zimawerengedwa. NCAA yokha imavomereza kuti mchenga si umodzi, n'chifukwa chake ili ndi masamu osinthira nthawi. Ukathamanga pa bwalo la mamita 200 lopanda makona opendekeka, amakuchotsera masekondi. Ukathamanga kumalo okwera ngati Flagstaff, komwe ndi mamita opitirira 2,000 pamwamba pa nyanja ndipo mpweya ndi wopepuka, amakuchotseranso. Zotsatira zake n'zakuti pa mndandanda pamakhala nthawi zina zomwe palibe munthu anazithamangapo ndi miyendo yake. Wophunzira atha kutaya malo kwa mnzake chifukwa cha kachigawo ka sekondi komwe kanabadwira m'kompyuta.

Apa ndi pomwe nkhani ya ndalama imalowera. Ngati nthawi zabwino zimapezeka m'mabwalo owerengeka, ndiye kuti ofika kumeneko ndi amene sukulu zawo zingathe kulipira ndege, malo ogona ndi ndalama zolembetsera. Kuchokera ku Seattle kukafika ku Boston ndi makilomita pafupifupi 4,000. Yunivesite yomwe imapeza mamiliyoni kuchokera ku mpira wa ku America ndi basiketibo itha kutumiza wothamanga wake kawiri kapena katatu mpaka nthawi ituluke. Sukulu yaing'ono imasankha ulendo umodzi, ndipo mwana wawo akadzuka ndi chimfine tsiku limenelo, nyengo yonse yapita. Kufika kokha sikukwaniranso. Pa mipikisano ikuluikulu othamanga amagawidwa m'magulu malinga ndi nthawi zomwe ali nazo kale, ndipo kalulu wabwino amakhala m'gulu loyamba. Kuti ulowe m'gulu lomwe limabala nthawi yabwino, uyenera kukhala kale ndi nthawi yabwino.

Sukulu zolemera zili ndi mwayi winanso: zimatha kudzipangira dima pakhomo pawo. Mu Januwale 2023, anyamata 8 a ku University of Washington anathamanga mailo pansi pa mphindi 4 mumpikisano umodzi pa bwalo lawo la Dempsey. Chinali chinthu chodabwitsa, ndipo mmodzi wa iwo, Luke Houser, anakatenga ukatswiri wa dziko lonse pa mailo chaka chomwecho komanso chotsatira. Koma taganizirani mnyamata waluso lofanana nawo amene ali yekhayekha pa sukulu yake, wopanda anzake omukoka. Masiku ano, makamaka chibwerereni nsapato zatsopano zopepuka zobweza mphamvu, ophunzira makumimakumi amatsika pansi pa mphindi 4 m'nyengo imodzi. Malo akadali 16 omwe aja. Anthu akachuluka chotere pafupi ndi mzere, chomwe chimawalekanitsa sichikhalanso luso lokha. Zimakhala zinthu ngati bwalo, kalulu ndi tikiti ya ndege.

Thupi ndi kalasi

Mtengo wina amalipira ndi thupi. Wothamanga mitunda yaitali ku yunivesite ali ndi nyengo zitatu m'chaka chimodzi cha maphunziro: kuthamanga m'madambo ndi m'zitunda kuyambira Seputembala mpaka Novembala, m'nyumba kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi pa bwalo la panja mpaka Juni. Ambiri amathamangira ku Boston kumayambiriro kwa Disembala, patangotha masabata awiri chithere mpikisano waukulu wa m'madambo, kuti akasungiretu nthawi mphamvu zisanatsike. Amene sizinamuyendere amayesanso mu Januwale, kenaka pakati pa Febuluwale, kenaka pa mwayi wotsiriza. Mpikisano wochenjererana umapatsa thupi mpata wopuma mkati mwake. Wothamangitsa wotchi ulibe mpata wotero, umafuna dontho lililonse kuyambira pa sitepe yoyamba. Kuchita zimenezi sabata ndi sabata, pa makona othina okhotera mbali imodzi, ndi njira yodziwika yofikira ku mafupa ong'aluka. Mu 2014 komiti ya Olimpiki, IOC, inatulutsa chenjezo la vuto lomwe inalitcha RED-S, lomwe limadza wothamanga akamawononga mphamvu zambiri kuposa zomwe akudya. Dongosolo lomwe limauza mtsikana wa zaka 19 kuti tsogolo lake lili pa theka la sekondi limamukankhira kufupi ndi dzenje limenelo.

Ndipo tisaiwale kuti anthuwa ndi ophunzira anzathu. NCAA ili ndi lamulo lakuti m'nyengo ya masewera wophunzira asapitirire maola 20 pa sabata pa zamasewera, koma maola a paulendo sawerengedwa m'menemo. Amene wanyamuka Lachinayi kukathamanga Lachisanu kutsidya lina la dziko wataya makalasi a masiku awiri, ndipo akabwerera wopanda nthawi yomwe amafuna, sabata yamawa anyamukanso. Aliyense wa ife amene anayesapo kulemba asainimenti m'basi akudziwa kuti zimatuluka zotani. Yunivesite yomwe imanyadira kuti othamanga ake ndi ophunzira choyamba iyenera kudzifunsa ngati kalendala ya Febuluwale ikugwirizana ndi mawu amenewo.

Chinanso chomwe chimavulala ndi mpikisano wa ligi, womwe umachitika sabata yomweyo yomwe khomo likutsekedwa. Kumeneko ndi komwe kuli timu, kuli mapointi, kuli adani akalekale a sukulu yako. Koma mipikisano ya ligi nthawi zambiri imakhala yochenjererana, choncho nthawi zake sizikhala zapamwamba. Kochi amene wothamanga wake ali pa nambala 18 amakhala pa mphambano: amugwiritse ntchito pa mitunda iwiri kuti timu ipeze mapointi, kapena amusunge kuti akasake nthawi kwina? Lamulo labwino silimayenera kuika mphunzitsi pa chisankho chotere. Mwana asamaphunzitsidwe kuti kupambanira timu yake n'kochepa poyerekeza ndi kumaliza wachisanu kumbuyo kwa kalulu.

Ife a maphunziro a za umunthu vuto limeneli timalidziwa ndi dzina lina. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaona m'zaka za m'ma 1970 kuti muyezo ukasanduka chinthu chomwe anthu akuchithamangira, umasiya kuyeza bwino chomwe unkayeza. Mu 1997 Marilyn Strathern, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anagwiritsa ntchito ganizo lomweli polemba za kawuniwuni wa mayunivesite a ku Britain. Nthawi ya pa wotchi inayamba ngati chizindikiro chakuti munthu ndi wothamanga wabwino. Itasanduka khomo lokhalo lolowera, anthu anayamba kumanga mabwalo, makalendala ndi maulendo mozungulira nambalayo. Tsopano nambalayo imatiuza za wothamanga, inde, koma imatiuzanso za thumba la sukulu yake.

Ndipo kulemera kwa nambalayi kukukulirakulira. Mu 2020 University of Minnesota inathetsa timu ya amuna ya kuthamanga kwa m'nyumba, ndipo Clemson inalengeza zothetsa timu yake ya amuna koma inabweza ganizolo mu 2021 anthu atadandaula. Mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, womwe ukulola mayunivesite kugawana ndalama ndi osewera awo mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Mgwirizano womwewo unaika malire a chiwerengero cha osewera m'sukulu zomwe zalowamo: 17 pa timu ya m'madambo ndi 45 pa timu ya pa bwalo. Malo akachepa, akuluakulu a sukulu amafuna umboni wosavuta kuwerenga wakuti ndalama zawo zikubala, ndipo palibe umboni wosavuta kuposa nambala ya pa mndandanda.

Mbali inayo ili ndi mawu

Oikira kumbuyo mndandandawu si anthu opanda nzeru, ndipo mfundo zawo ziyenera kumvedwa. Yoyamba ndi yakuti wotchi ilibe tsankho. Siyang'ana dzina la sukulu kapena khungu la munthu, ndipo mwana wa kusukulu yosadziwika akathamanga nthawi yabwino, palibe komiti yomwe ingamukanize. Mfundoyi ndi yamphamvu, ndipo ine sindingafune kuti malo azigawidwa ndi madoda okhala m'chipinda. Koma wotchi kukhala yosakondera sikutanthauza kuti njira yofikira pa wotchiyo ndi yosakondera. Sikelo itha kukhala yolondola pomwe wina akuyeza chimanga chouma ndipo wina chonyowa.

Yachiwiri ndi ya masamu. Maligi a Division I alipo pafupifupi 30, ndipo mphamvu zawo n'zosiyana kutalitali. Mutati katswiri wa ligi iliyonse alowe, malo 16 sangakwane, komanso mungasiye kunja munthu wachitatu wa ligi yamphamvu amene angagonjetse akatswiri a maligi ang'onoang'ono mosavuta. Bwalo la m'nyumba nalo ndi lothina, kawirikawiri lili ndi mizere 6, moti simungadzazemo anthu ngati panja. Apa ndikuvomereza: kupereka malo kwa akatswiri a maligi onse si yankho.

Yachitatu ndi yakuti kuthamangitsa wotchi ndi gawo la mbiri ya masewerawa. Roger Bannister, wophunzira za udokotala, atathamanga mailo pa 3:59.4 ku Oxford pa 6 Meyi 1954, kukhala munthu woyamba kutsika pansi pa mphindi 4, anali ndi akalulu awiri, Chris Brasher ndi Chris Chataway. Palibe amene anganene kuti tsiku limenelo linalibe phindu. Komatu nkhani yake sinathere pamenepo. Patangotha masabata ochepa John Landy wa ku Australia anathamanga mofulumira kuposa iye, ndipo funso lakuti wamkulu ndani linayankhidwa mu Ogasiti chaka chomwecho ku Vancouver, pomwe awiriwo anaima pamzere umodzi ndipo Bannister anamudutsa Landy pakona yomaliza. Wotchi inadzutsa funso, koma analiyankha ndi anthu awiri othamangira limodzi. Mipikisano yosaka nthawi ipitirire, marekodi aziphwanyidwa. Chomwe ndikukana n'chakuti wotchi ikhale mlonda yekhayo wa pakhomo.

Njira ilipo kale

Chosangalatsa n'chakuti NCAA sikufunika kupita kutali kukafuna yankho, chifukwa m'nyengo zina ziwirizo imachita kale mosiyana. Pa kuthamanga kwa m'madambo dziko limagawidwa m'zigawo 9, ndipo matimu awiri oyamba m'chigawo chilichonse amalowa mpikisano waukulu chifukwa cha malo omwe amaliza tsiku limenelo. Pa nyengo ya panja, anthu 48 pa mtunda uliwonse amakumana kuchigawo cha kum'mawa, ena 48 kumadzulo, ndipo 12 a mbali iliyonse ndi amene amapitirira. Mndandanda ulipobe, koma ntchito yake ndi kukufikitsa pamzere woyambira. Kuchokera pamenepo uyenera kugonjetsa anthu.

Zomwezi zingatheke m'nyumba. Sabata yomwe panopa imathera m'maulendo a mwayi wotsiriza isanduke ndime yochotsana. Atengedwe anthu 32 kapena 48 apamwamba pa mtunda uliwonse, agawidwe m'mabwalo awiri ofanana muyezo, ndipo 8 a bwalo lililonse apite ku mpikisano waukulu malinga ndi malo omwe amaliza. Akatswiri odziwika sangafunikenso kudzipha mu Febuluwale, poti nthawi yabwino imodzi ingawakwanire. Wa sukulu yaing'ono angasunge ndalama za ulendo umodzi womwe akudziwa kuti ndiwo wofunika. Kachigawo ka sekondi kochokera m'kompyuta kangathe kusankha amene ali wa nambala 32, koma sikangasankhe amene akapikisanire mendulo. Oonera nawonso angapindule, chifukwa mpikisano womwe wachisanu ndi chitatu akulowa ndipo wachisanu ndi chinayi akutsala aliyense amaumva, ngakhale amene sadziwa kuti 3:55 ndi nthawi yabwino kapena ayi.

Pali zomwe zingavute. Kalendala iyenera kusunthidwa kuti mipikisano ya maligi ichitike msanga. Padzafunika ndalama zochititsira ndime yatsopanoyi. Ndipo tsiku lina katswiri weniweni adzapunthwa pakona n'kutsala, anthu n'kudandaula kuti mpikisano waukulu wasowa munthu wofunika. Koma kupunthwa pamaso pa anthu, uli pamzere umodzi ndi anzako, ndi mbali ya masewera. Kutsala chifukwa sukulu yako inalibe ndalama ya ulendo wachitatu wa ku Boston si masewera, ndi bajeti.

Nkhaniyi ili kutali nafe, koma si ya eni ake okha. Mayunivesite a ku America akhala akutenga achinyamata a mu Africa muno kwa zaka zambiri. Gerald Phiri wa ku Zambia anathamangira Texas A&M, Ngonidzashe Makusha wa ku Zimbabwe anathamangira Florida State, ndipo pa mitunda yaitali mayina ngati Doris Lemngole wa ku Kenya ndi Habtom Samuel wa ku Eritrea amveka kwambiri m'zaka zaposachedwa. Wachinyamata wa kuno amene adzapeze mwayi wotere adzalowa m'dongosolo limeneli, ndipo ndi bwino adziwiretu kuti posankha sukulu ayenera kufunsa zambiri kuposa za kochi ndi chakudya. Afunse kuti sukuluyo imatumiza othamanga ake kuti mu Febuluwale, kangati, ndipo makalasi omwe amaphonya amawabweza motani.

Sindikuimba mlandu othamanga kapena makochi amene amadzaza ndege zopita ku Boston. Iwo akuvina ng'oma yomwe aimbiridwa, ndipo aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi. Amene ayenera kuyankha ndi olemba malamulo a NCAA, omwe m'nyengo ya m'madambo ndi ya panja anavomereza kale kuti malo a mumpikisano waukulu munthu amawapeza pogonjetsa anzake. Atsegule khomo la m'nyumba mofananamo, ndipo wa nambala 17 apatsidwe chinthu chimodzi chomwe mndandanda sungamupatse: mwayi woima pambali pa wa nambala 16, mfuti n'kulira, onse n'kunyamukira limodzi.